Mwana sakutembenuka mukamuitana dzina: tiyambire kuchipatala, pakhomo, kapena kusukulu ya mkaka?

Mwana akafika chaka ndi theka koma satembenuka mukamuitana, sakulozerani galimoto imene ikudutsa, akafuna madzi amangokukokani dzanja n'kuliika pa ndowa osakuyang'anani kumaso, m'banja mumabuka maganizo ambiri. Ambuye amati tidikire, atate ake analankhulanso mochedwa. Alamu amati alipo amene wamuchita chipongwe. Anesi a kusikelo amati pitani kuchipatala chachikulu. Mnzanu wa pa WhatsApp amati akatswiri ali ku Lusaka. Onsewa akumufunira zabwino mwanayo, koma thumba ndi msana wa mayi sizingasenze njira zonse nthawi imodzi. Pafunika kudziwa choyamba, chotsatira, ndi choyenera kuchisiyiratu.

Zizindikiro zimenezi zikhoza kukhala za vuto la kakulidwe ka mwana lotchedwa autism. Autism si misala ndiponso sipatsirana. Ubongo wa mwanayo umakula mwa njira yakeyake, makamaka pa kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pa ana 100 aliwonse pafupifupi mmodzi ali nayo, ndipo imapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Ana ena amakupiza manja kapena kuzungulira malo amodzi. Ena amandandalika zotsekera mabotolo pamzere n'kulira zosatonthozeka wina akasuntha chimodzi. Ena amatseka makutu chigayo chikalira, kapena amakana chakudya chilichonse kupatula phala. Aliponso amene amayamba bwinobwino kunena "mama" ndi "tata", kenako mawuwo n'kuzimiririka asanakwanitse zaka 2. Mankhwala ochiritsa palibe. Chimene chimathandiza ndi kumuphunzitsa mwanayo kulankhulana ndi anthu adakali wamng'ono, pamene ubongo umagwira zinthu msanga.

Njira iliyonse ndikuiyeza ndi mafunso atatu. Kodi mwana aziphunziradi maola angati pa mlungu? Ndalama zake zichokera kuti? Nanga dzinja likafika, banja lonse lili kopalira ndipo misewu ya ku Vubwi kapena ku Chipangali yaterera, njirayo ipitirira?

Kudikira

Ambuye sakunama, ana ochedwa kulankhula alipo ndipo ambiri amadzalankhula bwino. Koma mwana wongochedwa kulankhula amaloza, amakubweretserani chinthu kuti muchione, amatenga tsache mukamasesa, ndipo mukamuuza kuti "katenge nsapato" amapita. Pakamwa pokha ndi pamene pachedwa. Ngati kuloza, kutsanzira ndi kuyankha dzina zikusowa zonse, kudikira kuti akafike Giredi 1 n'kutaya zaka zinayi kapena zisanu zimene sizibwerera. Komanso zochita pakhomo zimene ndifotokoze m'munsimu sizivulaza mwana aliyense. Akadzapezeka kuti anangochedwa chabe, palibe chimene mwaluza.

Chipatala

Apa mpofunika kupita, koma mudziwe chimene mukukatenga. Choyamba ndi makutu. Mwana amene anadwalapo malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kapena amene amatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri akhoza kukhala kuti sakumva bwino, ndipo thandizo la mwana wosamva ndi lina. Chachiwiri ndi khunyu, limene limapezeka kawirikawiri mwa ana a autism kuposa ana ena ndipo lili ndi mankhwala. Chachitatu ndi thupi: mwana wosankha zakudya amatha kuchepa magazi kapena kunyentchera osadziwika. Chachinayi ndi kalata ya dokotala. Kalatayo ndi imene imatsegula khomo lolembetsa mwana ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la anthu olumala la 2012, komanso polankhula ndi a Social Welfare za ndalama za Social Cash Transfer, pakuti mabanja amene ali ndi munthu wolumala kwambiri amalandira zochulukirapo.

Ulendo umayambira pakiliniki yanu. Kuchokera apo angakutumizeni kuchipatala cha boma lanu kapena cha mishoni monga St Francis ku Katete ndi Mwami, kenako ku Chipata Central Hospital, ndipo pakafunika, kuchipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Tengani khadi la sikelo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mwana akusewera yekha pakhomo, mukumuitana dzina, ndiponso akakwiya, chifukwa m'chipinda cha dokotala ana ambiri amangolira kapena kuuma, ndipo dokotala sangaone zimene inu mumaona tsiku ndi tsiku. Pali mafunso 20 otchedwa M-CHAT amene amafunsidwa kwa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30. Palinso chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT, chimene chinapangidwira ku Malawi ndi ana a m'midzi yofanana ndi yathu. Mungafunse ngati achipatala angagwiritse ntchito chimodzi mwa izi.

Kufooka kwa njira iyi n'koonekeratu. Akatswiri a kalankhulidwe ndi a kakulidwe ka ana ndi ochepa m'dziko muno ndipo ambiri ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 kuchokera ku Chipata. Mukafika, mwana amaonedwa kanthawi kochepa, n'kupatsidwa tsiku lobweranso patapita miyezi. Chipatala chili ngati sikelo ya wogula mbewu: imakuuzani kulemera kwa thumba, koma munda silima. Ndiye ulendo umodzi kapena iwiri yokapimitsa ndi yoyenera ndalama zake, koma kugulitsa ng'ombe kuti muzikwera basi mwezi ndi mwezi si nzeru. Mukatumizidwa kwa a fiziyo kapena wina aliyense, musatuluke asanakuonetseni ndi manja zoti muzikachita kunyumba. Ndipo musadikire kuti dzina la vutolo lilembedwe papepala kuti muyambe.

Pa nkhani ya sikelo ya ana, ndinenepo za katemera. Katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa mwana ali ndi miyezi 18, nthawi yomweyo imene zizindikiro za autism zimayamba kuonekera, n'chifukwa chake makolo ena amalumikiza ziwirizi. Mphekeserayi inakula chifukwa cha nkhani imene Andrew Wakefield anasindikiza ku Britain mu 1998. Magazini imene inaisindikiza, The Lancet, inaichotsa mu 2010, ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala. Ofufuza ayang'ana ana ochuluka zedi m'mayiko osiyanasiyana osapeza kugwirizana kulikonse. Ang'ono ake a mwanayo apite nawo kukatemera.

Kuphunzitsa makolo kuti aziphunzitsa mwana pakhomo

Kwa ine iyi ndiyo njira yoyenera kukhala msana wa zina zonse. Chifukwa chake n'chapafupi: mwana wa zaka 2 amakhala maso maola oposa 10 pa tsiku, ndipo pafupifupi onsewo amakhala ndi amayi ake, ambuye kapena akulu ake. Palibe katswiri amene angapeze maola amenewo.

Si maganizo anga okha. Ku Britain gulu la Jonathan Green wa ku Manchester linayesa njira yotchedwa PACT, imene katswiri amaphunzitsa kholo m'malo mophunzitsa mwana, ndipo zimene anasindikiza mu 2016 zinaonetsa kuti phindu lake linali likuonekabe patapita zaka. Njira yomweyo anaisintha n'kuiyesa ku Goa ku India ndi ku Rawalpindi ku Pakistan, kumene ophunzitsa makolo anali azaumoyo wamba, osati akatswiri, ndipo makolo ndi ana anayamba kumvana bwino. WHO nayo ili ndi maphunziro otchedwa Caregiver Skills Training, a mabanja a ana a zaka 2 mpaka 9, okhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 ochezera banja pakhomo. Anawakonza dala kuti anesi, aphunzitsi ndi anthu a m'dera athe kuwaphunzitsa. Amene ali ndi intaneti ndipo amamva Chizungu angawapeze kwaulere.

Zochita zake sizifuna zidole za m'sitolo. Khalani pamphasa maso anu alingane ndi ake, kutsogolo kwake osati kumbuyo. Onani chimene iye wakonda, kaya ndi kugogoda supuni pa poto, ndipo inunso tengani supuni mugogode. Akasiya, siyani. Akayamba, yambani. Ana ambiri amadzutsa maso koyamba pamenepa, kudabwa kuti munthu wamkulu akuchita zawo. Pamenepo nenani liwu limodzi lokha: "gogoda". Mwana amene alibe mawu amasochera mukamuuza kuti "tabwera kuno udzadye nsima isanazizire". Nenani "nsima", akadziwa limenelo muwonjezere lachiwiri.

Chovuta kwambiri kwa ife makolo ndi kudikira. Tinazolowera kudziwa chimene mwana akufuna asanapemphe, ndiye timangomupatsa. Yesani kumugirigisha kawiri katatu, kenako imikani manja m'mwamba, mukhale chete mukumuyang'ana, muwerenge chamumtima mpaka faifi. Akakuyang'anani, akagwira dzanja lanu, kapena akatulutsa kaphokoso kalikonse, kumeneko ndi kupempha, mugirigisheni pomwepo. Chimodzimodzi poimba nyimbo imene amaikonda, imani lisanafike liwu lomaliza. Chitumbuwa musampatse chonse, mudulireni pang'onopang'ono kuti apemphe kangapo. Nyamulani nthochi kudzanja ili ndi mbatata kudzanja linali kuti asankhe. Posamba, povala, posamba m'manja musanadye, chitani zinthu mwa dongosolo limodzimodzi ndi mawu amodzimodzi tsiku lililonse. Mphindi 10 apa, mphindi 10 apo, pofika madzulo zachuluka.

Mwana akachedwabe ndi mawu, mpatseni njira ina yolankhulira. Njira ya zithunzi yotchedwa PECS inayambira ku America m'ma 1980, ndipo maziko ake ndi akuti mwana amakupatsani chithunzi cha chimene akufuna. Kumudzi kapu yeniyeni ingaimire madzi, nsapato ingaimire kutuluka panja. Makolo ena amaopa kuti akazolowera zithunzi kapena manja sadzalankhulanso, koma ofufuza sanapeze zimenezo. Kawirikawiri kukwiya ndi kudzimenya kumachepa chifukwa wapeza njira youzira anthu zimene akufuna. Akadzigwetsa pansi, musathamangire chikwapu. Onani chimene chinachitika asanayambe: phokoso, njala, kumulanda chinthu mwadzidzidzi, kapena dzino likuwawa iye osatha kunena.

Pali zinthu ziwiri zimene mabanja a m'tauni amalakwitsa ndi mtima wabwino. Choyamba, kusiya Chichewa, Chinsenga kapena Chitumbuka n'kumangomulankhula Chizungu poganiza kuti zinenero ziwiri zikumusokoneza. Palibe umboni woti zinenero ziwiri zimamupweteka mwana wa autism, ndipo mukatero mwamudula kwa ambuye ake ndi ana a pakhomo, amene akanamulankhula kwambiri. Chachiwiri ndi foni. Mwana amakhala phee ndi makatuni, mwinanso amayamba kubwereza ziganizo zonse za Chizungu, makolo n'kusangalala kuti walankhula. Koma kubwereza mawu a pafoni n'kosiyana ndi kupempha madzi kwa amayi. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere zimenezi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni siyambitsa autism, koma imadya maola amene mwana akanakhala akuyang'ana nkhope ya munthu.

Nayonso njira ya pakhomo ili ndi minga yake. Katundu yense amagwera mayi amene alinso ndi munda, geni ndi ana ena. Palibe womuona n'kumuuza kuti "apa mwafulumira, mukanadikira". Zotsatira zimabwera pang'onopang'ono moti pofika mwezi wachiwiri ambiri amagwa ulesi. Atate akatenga nthawi imodzi yokhazikika, mwina yosewera naye madzulo, ndipo ambuye ndi akulu ake akaphunzira zinthu ziwiri zokha, kudikira ndi kufupikitsa mawu, ntchitoyo imapepuka kwambiri.

Gulu la makolo m'dera

Gulu limatseka mipata imene njira ya pakhomo imasiya. Mabanja anayi kapena asanu angamakumane kamodzi pa mlungu pakhonde la tchalitchi, pakiliniki kapena pabwalo la anyakwawa, kholo limodzi likusewera ndi mwana wake, enawo akuonerera n'kumuuza zimene aona. Poyambira palipo kale: miphakati, amayi a Dorika, magulu a banki ya m'mudzi, odzipereka a SMAG (othandiza pa za uchembere wabwino) ndi komiti ya zaumoyo ya m'dera. Ku Katete ndi ku Petauke kuli malo otchedwa Insaka amene boma ndi UNICEF anakhazikitsa kuti makolo aziphunzira kasamalidwe ka ana aang'ono. Sanapangidwire autism yokha, koma odzipereka ake anaphunzira za kusewera ndi kulankhula ndi ana, ndiye ndi anthu oyenera kuwafikira.

Gulu lili ndi phindu lina limene anthu salitchula kawirikawiri. Ana ena a autism amachoka pakhomo mwakachetechete, saopa msewu, amakopeka ndi madzi, ndipo mukawaitana sayankha. Kumene kuli zitsime zosatseka, madambo ndi Great East Road, mwana amene mudzi wonse ukumudziwa ndi wotetezeka kuposa amene amabisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Koma gulu limawonongeka msanga likasanduka malo odandaulirana okha, kapena wina akayamba kugulitsiramo mankhwala. Ndiponso gulu lodalira ndalama za bungwe limatha tsiku limene pulojekiti yatha. Muyezo wake ndi uwu: kodi pa msonkhano uliwonse pali kholo limene lakhala pansi ndi mwana wake n'kuyeserera ena akuona?

Sukulu ya mkaka

"Muikeni pakati pa anzake, adzalankhula." Malangizo amenewa ali ndi choonadi chatheka. Mwana wa autism satengera kwa anzake mongoona monga amachitira ana ena, ndipo m'kalasi ya ana ambiri oimba ABC mokuwa akhoza kutha chaka chonse ali pakona atatseka makutu. Makalasi a boma a ana aang'ono amene ali pa masukulu a pulayimale amalandira ana kuyambira zaka 3, ndipo kuyambira 2022 salipiritsa. Masukulu a anthu wamba ku Kapata, ku Kalongwezi ndi kwina amalandira ocheperapo msinkhu, koma molipira. Kulipira si umboni woti ndi abwino. Musanalembetse, khalani m'kalasimo m'mawa umodzi. Werengani ana ndi aphunzitsi. Onani ngati pali ndodo patebulo, ngati mpanda uli ndi chitseko, ndipo funsani chimene amachita ndi mwana amene sanazolowere chimbudzi. Mphunzitsi wofatsa amene akuvomera kuti mumuonetse zimene mumachita pakhomo amaposa nyumba yokongola. Yambani ndi ola limodzi pa tsiku, wina wa pabanja ali pomwepo.

Achibale ena adzatchula Magwero kapena Cheshire Home. Masukulu a ku Magwero ndi a ana osamva ndi osaona, ndipo Cheshire Home ya ku Chipata imadziwika ndi ana olumala ziwalo. Ndi malo ofunika pa ntchito yawo, koma mwana wa zaka 2 kapena 3 malo ake ndi pakhomo. Akamayandikira msinkhu wa Giredi 1, kafunseni ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, za masukulu amene ali ndi kalasi ya ana ofunika thandizo lapadera.

Katswiri wolipira

Mukamva za njira zophunzitsira ana a autism zotchedwa ABA kapena Early Start Denver Model, dziwani kuti zotsatira zimene zimatchuka zinachokera ku maola ambiri. Ivar Lovaas, amene anatchukitsa ABA, mu 1987 ankanena za maola 40 pa mlungu, ndipo poyesa njira ya Denver ana ankakhala ndi akatswiri maola 15 mpaka 20 pa mlungu kwa zaka ziwiri. Ola limodzi pa mlungu, inu mutakhala panja, si chinthu chomwecho ngakhale dzina litafanana. Ngati mungakwanitse kulipira, lipirani munthu woti akuphunzitseni inuyo, muli m'chipindamo, ngakhale pa vidiyo ya pafoni kamodzi pa mwezi. Wodzitcha wazaumoyo akhale wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Akuluakulu ena amene ali ndi autism amadandaula kuti ali ana ankakakamizidwa kuyang'ana anthu m'maso ndi kuletsedwa kukupiza manja, zinthu zimene zinkawazunza popanda phindu. Mphunzitsi amene cholinga chake ndi choti mwana "aoneke ngati anzake" m'malo moti azitha kunena zimene akufuna, ine ndingamusiye.

Asing'anga, aneneri ndi amalonda a pa Facebook

Pemphero limalimbitsa banja, ndipo mpingo umene ukulandira mwana wosakhazikika pa mapemphero ukuchita ntchito yaikulu. Chokana ndi chilichonse chokhudza thupi la mwanayo: kumusalitsa kudya, kumumanga, kumutema mphini, kumudula pansi pa lilime kuti alankhule, kumumwetsa zosadziwika. Madzi otchedwa MMS amene amagulitsidwa pa intaneti ngati mankhwala a autism ndi a gulu la mankhwala oyeretsera zovala, ndipo amawotcha m'mimba. Zomuletsa mkaka ndi buledi zilibe umboni wolimba, ndipo n'zoopsa kwa mwana amene amadya kale zinthu zitatu zokha. Choipa china n'chakuti kuombeza kumathera pa kuloza munthu chala: agogo akuti ndi mfiti, atate akuti anakhwimira mwana kuti geni iyende, amayi akuti anamusempha. Anthu amene akanathandiza kulera mwanayo ndi omwewo amene amathamangitsidwa. Autism imayendera kwambiri zotengera kumtundu, ndipo imapezeka m'mayiko onse, kwa olemera ndi osauka omwe.

Banja la m'tauni ya Chipata lingapite kuchipatala mwezi uno, n'kuyamba zapakhomo lero lomwe, sukulu ya mkaka n'kubwera mwana akamatha kupempha zinthu zingapo ndi mawu, manja kapena chithunzi. Banja la kutali, ku Lumezi kapena ku Chadiza, liyambe ndi zapakhomo ndi wodzipereka wa pakiliniki, ulendo wa kuchipatala chachikulu n'kuukonzera nyengo yokolola, ndalama za nsawa kapena soya zikalowa. Kumene amayi amagwira ntchito tsiku lonse, woyenera kuphunzitsidwa ndi amene amatsala ndi mwanayo, kaya ndi ambuye kapena mtsikana wantchito.

Gulani kope la sukulu, ndipo Lamlungu lililonse muzilembamo zinthu zochepa: wayang'ana kangati mukamuitana, wapempha chiyani ndipo wapempha bwanji, watsanzira chiyani. Musamawerenge mawu okha, chifukwa kuloza ndi kubweretsa chinthu kuti muone zimabwera mawu asanabwere. Pakatha miyezi itatu popanda kusintha kulikonse, tengani kopelo mubwerere kuchipatala kuti akaonenso makutu ndi zina. Koma mwana akakomoka, akamagwedezeka thupi, akamangoti duu maso ali gwa osamva ngakhale mutamugwira, kapena akaiwala mwadzidzidzi zimene ankatha monga kuyenda, pitani naye tsiku lomwelo.